Ng'ombe Zinayi ndi Ana Awiri a Yosefina

Chisamani chinafika Lachiwiri m'mawa, Yosefina Mwale ali pakhonde kusefa nsinjiro zokagulitsa ku msika wa Kapata. Mesenjala wa khoti anayedzeka njinga pampanda, nafunsa ngati iyeyo ndiye amake Memory, kenako anamupatsa pepala loti asaine. Anasaina. Ku komboni ya Nabvutika, kumene ankakhala, nkhani siyenda pansi, imachita kuuluka. Mesenjalayo asanakhote n'komwe pampopi, azimayi otunga madzi anali atadziwa kale kuti mkazi wa malemu Alfonsi waitanidwa kukhoti.

Pepalalo linkati Lolemba likudzalo akaonekere ku lokolo khoti. Womusumira anali mlamu wake Enoch Shawa wa ku Kasenengwa, mkulu wake wa Alfonsi. Sankafuna nyumba, sankafunanso zipangizo za ukalipentala zimene malemuyo anasiya. Ankafuna ana: Memory wa zaka khumi ndi Tamiwe wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Nkhaniyi inali ndi mizu yakale. Alfonsi anali Mngoni, Yosefina ndi Mchewa wa ku Chiparamba. Pokwatirana, akuchimuna anachita mwa kwawo, anapereka malowolo a ng'ombe zinayi. Kwa Achewa mkazi salowoledwa, koma amalume ake a Yosefina, a Gabrieli Phiri, sanaone chifukwa chobwezera ng'ombe zimene zafika zokha pakhomo. Anazilandira ndi manja awiri, ndipo ziwiri mwa izo zikukokabe pulawo mpaka lero.

Alfonsi anamwalira dzinja lapitalo atadwala masabata atatu okha. Miyezi ya maliro itatha, akuchimuna anamusudzula Yosefina monga mwa mwambo, ndipo tsiku lomwelo a Enoch anamuitanira pambali.

"Alamu, takumasulani, mukafuna kukwatiwa kwatiwani. Koma ana ndi a kwa Shawa. Ng'ombe zinapita, ana abwere. Ndiwo mwambo wathu."

Yosefina anapempha kuti adikire temu ya sukulu ithe. Temu itatha anapempha kuti adikire Tamiwe achire chifuwa. Ulendo wachitatu anangotseka foni. Tsopano zozemba zinali zitatha, pepala la sitampa linali m'manja mwake.

Madzulo a tsikulo anaimbira amalume ake, ndipo Lachitatu a Gabrieli anatulukira pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu m'nsidze.

"Zamkutu zimenezo!" anatero asanakhale n'komwe pansi. "Kwathu mwana amatsata mayi. Mwini mbumba ndine. Angoniwo akalamule ng'ombe zawo, osati adzukulu anga."

Mtima wa Yosefina unayamba kukhala pansi. Koma amalumewo anali asanamalize.

"Kukhotiko usapiteko. Ukangolowamo akulanda ana, mwinanso akutsekera. Longedza zovala zawo. Loweruka ndibwera kudzawatenga, ndikawasunge ku Chiparamba. Kukatentha ndiwaolotsa malire, akakhale kwa achibale ku Mchinji."

"Nanga sukulu, amalume? Nanga ine?"

"Iwe khala kuno uzigulitsa nsinjiro zako. Ana aleredwa ndi mbumba, monga unaleredwera iwe."

Atapita, Yosefina anakhala kakasi pakhonde. Anaona kuti njira zonse ziwiri zikuthera pamodzi. Akamvera alamu, ana apita ku Kasenengwa. Akamvera amalume, ana apita ku Chiparamba. Amuna awiri ankakanganirana ana ake, aliyense atanyamula mwambo wake, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa iye, mayi wobereka, kuti akuganiza zotani.

Lachinayi anapita kumsika koma mutu unali kwina. Wogula wina anapempha nsinjiro, iye n'kumuyezera nsawa zosasinja. Akamva belu la njinga kuseri kwa mpanda, mtima unkangoti phaa, poganiza kuti mesenjala wabweranso. Memory, amene anatengera bambo ake maso oona zobisika, anasiya kusewera panja. Akaweruka kusukulu ankangokhala pafupi ndi amayi ake, atagwira dzanja la mng'ono wake, osafunsa kanthu. Kusafunsa kumeneko ndiko kunkamupweteka kwambiri Yosefina.

Lachisanu m'mawa, ana atapita kusukulu, anagonja. Anaganiza kuti bola ku Chiparamba, kumene angamakawaone osapempha chilolezo. Anapinda madiresi ndi majuzi awo misozi ikugwera pa nsalu, koma analibe choikamo. Ndiye anapita kukabwereka chikwama chachikulu kwa a Dainess Sakala, nyumba yachitatu kuchokera pake.

A Dainess anagwira ntchito ya ukalaliki ku lokolo khoti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi asanapume. Sabata yonseyo Yosefina ankawalambalala, chifukwa kwa iye anthu a kukhoti ndi apolisi anali amodzi. Safunsa anadya phula, ndipo iye anatsala pang'ono kulidya.

"Chikwama chilipo," anatero a Dainess, "koma ulendo wa kuti pakati pa temu? Takhalani pansi, amake Memory. Nkhope yanuyo si ya munthu wopita kukacheza."

Yosefina sanathe kunama. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa pepala lija, litakwinyika ndi thukuta. A Dainess anavala magalasi, naliwerenga kawiri, kenako anamva nkhani yonse osamudula.

"Choyamba, pumani," anatero. "Pepala ili si la apolisi. Milandu ilipo mitundu iwiri. Ulipo wopalamula, monga kuba kapena kuvulaza munthu. Umenewo amasuma ndi boma, ndipo ukhoza kumufikitsa munthu kundende. Ulipo wina wa kusamvana pakati pa anthu, za munda, za ukwati, za malire. Wanuwu ndi wachiwiriwo. Palibe akukumangani. Koma mukapanda kupita, pamenepo ndiye mwaziputa dala. Khoti likhoza kutuma mesenjala kudzakutengani, kapena kumva mbali ya alamu anu yokha. Mlandu suola, mwana wanga. Ngakhale muwaolotse anawo, mudzaupeza ukukudikirani."

"Nanga ndikapita ndikanena chiyani, amama? Ng'ombe anaperekadi. Lamulo lili kumbali yawo."

"Lamulo liti?"

Yosefina anawayang'ana modabwa. "Kodi lamulo si limodzi?"

A Dainess anaseka mpaka anavula magalasi. "Likanakhala limodzi, bwenzi ine nditapuma ntchito tsitsi likadali lakuda. Tamverani. Kalekale kunalibe pepala, koma malamulo analipo. Anthu akangokhala pamodzi, mbuzi ya wina idzadya chimanga cha wina, basi pafunika njira yoweruzira. Achewa anali ndi yawo. Mwamuna ankapita chikamwini, munda unali wa kuchikazi, choncho mwana ankatsata mayi. Angoni anabwera kuchokera kumwera ndi ng'ombe zawo, nawonso ndi yawo, yoti mkazi akalowoledwa ana atsate bambo. Onsewo ankafuna chinthu chimodzi, chakuti mwana wamasiye asasowe womulera. Amenewo ndi malamulo a mwambo. Salembedwa, amakhala m'mitu ya akuluakulu, ndipo amasiyana mtundu ndi mtundu."

"Ndiye kuti alamu akunena zoona, amalumenso akunena zoona?"

"Aliyense mwa kwawo. N'chifukwa chake mutu wakuzungulirani. Koma nkhani sinathere pamenepo. Angerezi atabwera, tauni ino ikutchedwa Fort Jameson, anabweretsa malamulo olembedwa, ndiponso chizolowezi chakuti jaji azitsatira mmene majaji akale anagamulira mlandu wofanana. Miyambo sanathe kuifafaniza, anaisiyira makhoti a mafumu. Titalandira ufulu mu 1964, tinasunga zonse ziwiri, ndipo makhoti aja ndiwo anadzasanduka malokolo khoti. Anzathu a ku Mozambique analandira njira ina, ya Apwitikizi, yodalira kwambiri mabuku akuluakulu a malamulo kuposa zigamulo zakale. Ngakhale mpingo wanu uli ndi malamulo ake, koma amenewo amagwira akhristu ake okha."

Yosefina anagwira mutu. "Malamulo onsewo, amama, munthu amvere liti?"

"Mwafunsa bwino. Masiku ano aphungu ku Nyumba ya Malamulo amapanga malamulo a dziko lonse, okhudza Mngoni, Mchewa, Mnsenga, aliyense. Pamwamba pa onsewo pali Konsitichushoni, lamulo lalikulu loyendetsera dziko. Inu mumasefa nsinjiro tsiku ndi tsiku. Zosalala zimadutsa, zokhakhala zimatsala m'sefa. Mwambonso khoti limausefa chimodzimodzi. Mwambo umene sukutsutsana ndi malamulo olembedwa umadutsa, ndipo khoti limaweruzira womwewo. Umene ukutsutsana nawo, kapena wopondereza munthu, umatsala."

"Nanga za ana, olembedwawo akuti chiyani?"

"Lilipo lamulo la ana, analikonza mwatsopano mu 2022. Likuti pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, choyamba kuyang'ana ndi ubwino wa mwanayo. Akudya? Akuphunzira? Akadwala amamusamala ndani? Silinena za ng'ombe, silinenanso za mbumba."

Yosefina anasendera pafupi. "Ndiye kuti ndiwina?"

"Ine sindine woweruza, ndipo sindikulonjezani kanthu. Koma ndikudziwa kuti mayi wobisa ana ndi kuwachotsa pasukulu amaoneka moipa pamaso pa khoti kuposa mayi wobwera yekha kudzayankha. Tengani malipoti awo a kusukulu ndi makhadi a kuchipatala. Pitani lero kwa ahedi a sukulu yawo akulembereni kalata. Ku lokolo khoti maloya salowa pa milandu yotere, mukalankhula nokha, m'Chinyanja chomwechi. Mukapanda kukhutira ndi chigamulo, muli ndi masiku makumi atatu ochita apilo kwa majisitireti. Chikwama sindikupatsani. Lolemba ndikuperekezani."

Mantha sanathe, koma tsopano Yosefina anali ndi chochita. Masana omwewo anapita kwa ahedi, ndipo madzulo anabweza zovala zija pamalo pake ana asanazione.

Loweruka a Gabrieli anafika monga ananenera. Atamva kuti ana sapita, anakwiya zedi.

"Wayamba kumvera anthu a m'komboni kuposa ine amene ndinakulera? Akakulanda anawo usadzandilirire!"

"Amalume, ulemu wanu ndikuudziwa," anatero Yosefina atagwada. "Koma ana anga sindiwabisa ngati katundu wakuba. Ngati mukufuna kundithandiza, tiyeni tonse kukhoti."

A Gabrieli anachoka akung'ung'udza, osalonjeza. Mawu awo aja, akuti akakulanda usadzandilirire, anamukhala Yosefina m'khutu Lamulungu lonse. Kutchalitchi anthu ankaimba, iye ankangoyang'ana mitu ya ana ake awiri pabenchi lakutsogolo, n'kumadzifunsa ngati sabata yamawa adzakhalanso pamenepo.

Lolemba anawakonzera anawo phala, nawaperekeza mpaka pageti la sukulu, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Memory anatembenuka kawiri asanalowe m'kalasi.

Kukhoti anapeza anthu ali pamzere pakhonde, ena za mbuzi, ena za kutukwanana. A Enoch anali atafika kale, atavala jekete limene anavala pa maliro a Alfonsi. A Gabrieli nawonso anatulukira, nakhala kumapeto kwa benchi nkhope ili ndwii. Dzina la Yosefina litaitanidwa, a Dainess anamukankha pang'ono kumsana kuti alowe.

Woweruza anali bambo wa mawu ofatsa, wosafulumira. Anayamba ndi a Enoch, amene anafotokoza za malowolo, tsiku lake, ngakhale maonekedwe a ng'ombe iliyonse. Asanamalize, a Gabrieli anaimirira.

"Bwana, kwathu ku Uchewa zimenezo kulibe! Anawo ndi mbumba yanga!"

"Mulankhula nthawi yanu ikakwana," anatero woweruza. "Koma poti mwaimirira kale, ndiyankheni ichi. Ng'ombe zinayizo analandira ndani?"

A Gabrieli anakanda m'mutu. "Ndine, bwana."

"Ndiye kuti polandira ng'ombe munali Mngoni, lero pofuna ana mwabwerera ku Uchewa?"

Anthu anaseka mpaka mesenjala anachita kuwaletsa. A Gabrieli anakhala pansi. Yosefina yekha sanaseke.

"Amayi," anatero woweruza, "abambo awiriwa ndawamva. Nanga inu mukuti bwanji?"

Chimwalirire Alfonsi, aka kanali koyamba kuti munthu wa udindo amufunse funso limeneli. Anayamba motsitsa, mpaka anauzidwa kuti akweze mawu.

"Bwana, ng'ombe sindikukana. Mwambo wa alamu ndimaulemekeza, wa kwathunso ndimaulemekeza. Koma anawa bambo awo anawasiya dzinja lapitali. Tamiwe mpaka lero sagona ngati sanagwire nsalu yanga. Akabanika ndi chifuwa, ndine ndimadziwa kuti uku n'kongomufunditsa, uku n'kothamangira naye kuchipatala. Memory ali giredi faifi, ndipo chaka chino sanajombepo. Ndine wosauka, inde, koma sanagonepo ndi njala. Ataya kale kholo limodzi. Ndikupempha asatayenso lachiwiri likadali moyo."

Anapereka malipoti, makhadi ndi kalata ya ahedi. Woweruza anaziwerenga mosathamanga, kenako anatembenukira kwa a Enoch.

"A Shawa, munaonapo mayiwa akuzunza ana, kapena kuwasiya osasamalidwa?"

A Enoch anayang'ana pansi. "Iyayi, bwana. Bodza ndi loipa. Amawasamala."

"Sukulu ili patali bwanji ndi mudzi wanu?"

"Makilomita asanu ndi awiri. Dzinja mtsinje umadzaza."

"Nanga chimene mukufunira anawa n'chiyani kwenikweni?"

Pamene a Enoch anayankha, mawu awo sanalinso a munthu wodzasuma.

"Bwana, Alfonsi anali chitsiriza m'mimba mwa amayi athu. Amayiwo maso akutha, ndipo tsiku lililonse amandifunsa kuti ana a mwana wanga ali kuti. Akuti alamu akadzakwatiwanso, anawa adzaiwala kwawo, sadzadziwa ngakhale pamene panagona bambo awo. Ine ndine wamkulu. Ndikangokhala chete, anthu adzati ndataya magazi a mng'ono wanga."

Yosefina anawayang'ana alamu akewo ngati akuwaona koyamba. Miyezi yonseyi ankawaopa ngati chilombo, osadziwa kuti nawonso anali ndi mantha awo. Anakweza dzanja, ndipo woweruza anamulola.

"Alamu, mukanandiuza zimenezo poyamba, bwenzi sitinafike kuno. Ine ndinamva za ng'ombe zokha. Holide iliyonse ndizibwera nawo ndekha kwa agogo awo. Dzina lawo ndi Shawa, ndipo silidzasintha."

Woweruza analemba kwa nthawi yaitali.

"Khoti lino limaweruza motsata mwambo," anatero potsiriza, "ndipo mwambo wa Chingoni ndi wa Chichewa yonse ndi malamulo pano. Mukanabwera ndi nkhani ya malowolo okha, bwenzi ndikuweruza ndi mwambo. Koma mwambo sungapose lamulo lolembedwa, ndipo lamulo likuti pa nkhani ya mwana tiyang'ane ubwino wa mwanayo. Ng'ombe zinamanga ukwati, sizinagule ana. Sindikupeza chifukwa chowachotsera anawa kwa mayi awo. Dandaulo la a Shawa lakanidwa. Zimene mwagwirizana za holide ndazilemba. Wosakhutira ali ndi masiku makumi atatu ochita apilo."

"Apilo sindichita, bwana," anatero a Enoch. "Ndamva."

Yosefina anatuluka panja. Anakhala pansi pakhonde la khotilo n'kulira mokweza, osasamala anthu a pamzere, ndipo a Dainess anamusiya alire mpaka atatheratu. A Gabrieli anaima chapatali akupukusa mutu.

"Ndiye kuti nanenso ndaluza," anatero.

"Simunaluze, achimwene," anayankha a Dainess. "Mbumba yanu ikadalipo. Kungoti muziyamba mwafunsa amake."

Yosefina sanadikire kuti sukulu iweruke. Anakakhala pamthunzi pafupi ndi geti kwa ola lathunthu. Belu litalira, Tamiwe anathamanga n'kumukumbatira miyendo, koma Memory anaima patali pang'ono, atakumbatira mabuku pachifuwa. Mwanayo anali atamva zonse kwa ana a pampopi, ndipo anazisunga yekha mumtima sabata yathunthu.

"Amama," anafunsa motsitsa, "lero tikagona kuti?"

"Kwanu, mwanawe. Lero, mawa, mpaka mudzakule."

Pamenepo mabuku anagwa pansi, ndipo mwana amene sanalire sabata yonse analira pachifuwa cha amayi ake.

Inu amene mwawerenga nkhaniyi, dziwani kuti m'Zambia muli malamulo a mwambo, muli malamulo olembedwa, ndipo pamwamba pa onse pali Konsitichushoni. Mwambo ndi lamulo ndithu, koma umalekera pamene wayamba kutsutsana ndi lamulo lolembedwa. Mukalandira chisamani musathawe ndipo musabise ana. Funsani odziwa, pitani kukhoti pa tsiku lake, mukanene mbali yanu. Mwana sagulidwa ndi ng'ombe, ndipo salandidwa kwa kholo lomusamala chifukwa cha mtundu.